Agogo ankati "cald", ine n'kumawawonjezera juzi

Nkhaniyi ndakhala nayo kuyambira December 2022 ndipo ikukanabe kuchoka m'mutu. Ndikamapinda zovala Lamlungu madzulo, ndikangogwira juzi yaubweya basi ndimawaona agogo aja, nkhope ili psuu, tsitsi litamatirira pachipumi, akukoka khosi la juzi ndi zala zonse ngati munthu woti watsamwa. Amene anawaveka juziyo ndi ine. Ndipo nditaona kuti akuikoka, ndinakatenganso bulangete lina.

## Ndinabwera ndi Chingerezi changa

Ndinafika ku England mu November 2022 kudzagwira ntchito m'nyumba yosamalira okalamba, pa viza ya care ija yomwe ambirife tinabwerera atangoitsegula chaka chimenecho. IELTS, mayeso a Chingerezi aja, ndinakhoza ulendo umodzi ndiye ndinkayenda mokweza mapewa pang'ono. Nanga kunena za mayina a zovala? Apo ndiye ndinkadziona ngati pulofesa. Mayi anga agulitsa kaunjika ku Limbe kuyambira ndili ku pulayimale, ine ndakulira pa belo, ndimatha kugwira nsalu nditatsinzina n'kukuuzani kuti iyi ndi nambala wani, iyi ndi ya pamulu wa madzulo. Shirt, skirt, dress, trousers, socks, zimenezo ndi za Sitandade 2, munthu wamkulu sangakhale pansi kumaloweza.

Sabata yoyamba yomweyo Chingerezi chinandipinga mwendo. Mayi ena okalamba anati ndiwapatse jumper, ine ndinangoti chilili, chifukwa kwathu ndi juzi ndipo m'mutu mwanga Chingerezi chake ndi jersey basi. Ena anafuna slippers, ndinayamba kusuzumira kubafa kusaka masilipasi a pulasitiki aja timasambira, osadziwa kuti kuno slippers ndi tinsapato tofewa taubweya toyendera m'nyumba. Dressing gown ndinkayesa diresi la ukwati. Koma izi zinali zosekera pa buleki ndi anzanga a ku Zimbabwe ndi ku Nigeria, aliyense anali ndi yake, palibe amene anavulala nazo.

Chomwe sichinali choseketsa ndi kuzizira. Ndinkaganiza kuti chiperoni cha ku Blantyre chinandikonzekeretsa, bodza lenileni. Pakati pa December ameneyo kunazizira masiku otsatizana mpaka madzi kuuma pamsewu, ndinkafika ku shifiti nditavala mathalauza awiri ndi masokosi awiriawiri, ndipo olo m'nyumbamo mahita ali pamwamba, mafupa anga ankakhalabe ozizira mpaka pakati pa usiku. Izi ndikuzinena dala.

## Chipinda chakumapeto

Agogowo anali a ku Romania, mudzi wina kufupi ndi Suceava, kumpoto kwa dzikolo. Mwana wawo wamwamuna anabwera kudzagwira ntchito yomanga pamene anthu a kwawo analoledwa kugwira ntchito momasuka kuno mu 2014, kenako bambo atamwalira anakawatenga mayi ake kuti asamakhale okha. Akuti Chingerezi anali atatolako pang'ono, cha mu shopu ndi cha pa basi, koma dementia, matenda oiwalaiwala aja, imayamba kudya zomwe munthu waphunzira kumapeto, ndiye pamene ine ndimafika kunali kutatsala "thank you" ndi "no". Zina zonse ankayankhula chikwawo, ife n'kumangogwedeza mutu.

Usiku wina belu la chipinda chawo linalira cha m'ma 1 koloko. Ndinawapeza atakhala m'mphepete mwa bedi, bulangete lili pansi, akuti "cald, cald", kenako "mi-e cald". Khutu langa linamva cold. Ndinasangalalanso mumtima, ndinati ee, Chingerezi chabwerera lero. Ndinawagwira manja, anali ozizira ngati chitsulo, ndinati umboni ndi umenewu. Pachipumi sindinagwire. Mpaka lero ndimadzifunsa kuti munthu woti ndalerapo ana a achemwali anga, woti ndimadziwa kuti malungo amayambira pogwira chipumi, ndinalekeranji.

Ndinatsegula wadiropu, ndinatenga juzi yamabatani ija Azungu amati cardigan, ndinawaveka n'kumanga mabatani onse mpaka la pakhosi. Masokosi. Bulangete ndinalitola n'kuwafunditsa. Hita ndinaikwezera. Ndipo nthawi yonseyi ndikuyankhula nawo mokoma, "cold, yes, very cold, I know", iwo akundiyang'ana m'maso akugwedeza mutu, chifukwa nawonso amamva mawu awo akutuluka mkamwa mwanga. Chimandipweteka kwambiri ndi chimenechi, tinkagwirizana. Iwo cald, ine cold, tonse kugwedeza mutu, manja anga akuchita zosiyana ndi zomwe akupempha.

Patapita mphindi mwina makumi atatu belu linaliranso. Anali atavula dzanja limodzi, mabatani atawakanika, juziyo itapotokera kumsana. Ndinaganiza kuti ndi matenda aja, poti anthu a dementia ena amavula zovala popanda chifukwa, zimenezi anatiphunzitsa pa tireningi. Ndiye ndinachita chinthu chomwe ndimachita nacho manyazi kuchilemba apa. Ndinasankha juzi yokhuthala yolowetsa kumutu, yopanda mabatani, n'kuwaveka pamwamba pa inayo, dala, kuti asathe kuivula. Anati "nu, nu", anandikankha dzanja, ine n'kumawanyengerera ngati mwana wokana phala. M'buku ndinalemba ndi Chingerezi changa chokhoza IELTS chija kuti confused, agitated, removing clothes.

Usiku wotsatira zinabwerezanso chimodzimodzi, ndipo poti ndinali nditalemba kale dzulo lake kuti amavula zovala, ndinawerenga zolemba zanga zomwe n'kuzikhulupirira.

## Mtsikana wa kochapira

M'mawa wake ndisanaweruke, mtsikana wina wogwira ntchito kochapira zovala ankadutsa m'khonde ndi tirole yake ya matawulo. Ndi wa ku Bacău, ku Romania komweko, ameneyu, wamng'ono kwa ine, wosayankhulayankhula, tinkangopatsana moni basi. Anamva mawu a agogo chitseko chili chotsegula pang'ono, anasiya tirole pakati pa njira n'kulowa osagogoda. Ndinamva agogo akuyankhula mothamanga ngati mpopi woti watsegulidwa, mawu ambiri kuposa onse omwe ndinawamvapo mwezi wathunthu. Kenako mtsikanayo anatulutsa mutu n'kundiitana, maso ali gwaa. Anati akutentha awa, cald ndi kutentha, wawaveka zonsezi ndani?

Ndinati ndi ine.

Sanandiyankhe. Anayamba kuwavula akutchula chimodzichimodzi, kaya amawerengera ine kaya amawauza agogo chomwe chikuchoka. Pulover. Kenako yamabatani ija. Șosete. Pansi pake cămașă de noapte, diresi logonera, litanyowa ngati alichotsa m'beseni. Nesi atabwera anapeza thupi latentha kupitirira 38, anali ndi matenda a m'chikhodzodzo omwe amavuta kwambiri okalamba, ndipo manja ozizira aja ndi mmene thupi limachitira nthawi zina likamatentha mkati. Anayamba mankhwala tsiku lomwelo ndipo anachira. Zoti ndinaitanidwa ku ofesi, ndinalemba lipoti, ndinalira m'basi, sindikhalitsapo, aliyense amene wagwirapo care akudziwa mmene zimakhalira.

Chomwe ndikufuna kunena ndi cha kukhitchini. Patapita masiku awiri mtsikana uja anandipeza ndikupanga tiyi, anatsegula filiji n'kuloza mkati, anati "frig". Anamenya chitseko chake, "frigider". Kuzizira ndi frig, ngati filiji, ukatero suiwala. Kutentha ndi cald. Kenako anaseka koyamba, anati Azungu onse amagwa pamenepa, koma iwe ndiye wawonjeza ndi majuzi awiri.

Pambuyo pake ndinadzawerenga kuti Chiromania ndi mwana wa Chilatini, m'bale wake wa Chitaliyana ndi Chipwitikizi, kuchokera nthawi yomwe Aroma analanda dera la Dacia, komwe kuli Romania lero, m'chaka cha 106, ndipo cald ndi yemweyo caldo wa ku Italy. Ndi cold wa Chingerezi palibe ubale, kungofanana nkhope ngati anthu okumana pa depoti. Ndinaonanso kuti pa kalembera wa 2021, anthu 472,000 ku England ndi Wales ananena kuti chiyankhulo chawo chenicheni ndi Chiromania, pamene mu 2011 anali 68,000 okha. Kupatula Chingerezi ndi Chiwelsh, chimaposedwa ndi Chipolishi chokha. Ndiye agogowo sanali chinthu chachilendo ayi, ndipo okalamba ngati iwo azingochuluka m'nyumba zimenezi.

## Pepala la pa wadiropu

Ndinamupempha kuti andilembere mayina a chilichonse chomwe chili mu wadiropu ya agogo. Tinatenga pepala la A4, tinalemba mizere, kumanzere Chingerezi, pakati Chiromania, ndipo ine ndinawonjezera mzere wachitatu wa Chichewa womwe panalibe wina aliyense m'nyumba yonseyo amene ankaufuna. Ndinangoona kuti mawu akadutsira m'Chingerezi amandithawa, koma ndikawamangirira ku Chichewa amakhala.

Choyamba chinali kuwerenga, chifukwa Mchewa akaona ch amathamangira kunena ngati chala kapena chimanga. Kwawo ch ndi k. Rochie, lomwe ndi diresi, amatchula rokie. Chiloți, panti, ndi kilotsi, i wakumapetoyo amangomunong'oneza. Ch wathu uja amamulemba ci kapena ce, ndiye ciorapi, masokosi ataliatali, ndi chorapi, căciulă, chipewa chaubweya cha nthawi yozizira, ndi kachula, cizme, majombo, ndi chizme. S wokhala ndi kamchira pansi ndi sh, ndiye cămașă, shati, ndi kamasha. T wa kamchira ndi ts, ndipo apa ndinawala, chifukwa Azungu amavutika naye koma ine ndakula ndikunena tsiku, tsitsi, tsabola. Mtsikana uja anadabwa kuti ndatchula bwino ulendo woyamba, ndinati mayi, ts ndi wa kwathu ameneyu.

Ena ndi osavuta chifukwa ndi Chingerezi chovala chitenje, ngati mmene ife tinachitira ndi siketi, jekete, bulauzi. Jumper ija inandizunguza iwo amati pulover. Jeans ndi blugi, kuchokera ku blue jeans, anangodula mchira. Tracksuit ndi trening. Hoodie ndi hanorac. Koma amene anandiseketsa mpaka kutsamwa tiyi ndi adidași. Nsapato iliyonse yothamangira, trainers, kaya ndi ya Nike kaya ndi yopanda dzina ya pamsika, ndi adidași basi. Ndinamuuza kuti ndiye ndinu abale athu, ife mankhwala aliwonse otsukira mano ndi Colgate, sopo aliyense waufa ndi Surf.

Ena ndi ochokera ku France, poti zaka za m'ma 1800 anthu ophunzira a m'mizinda yawo ya Bucharest ndi Iași ankatengera chilichonse ku Paris. T-shirt ndi tricou, vesiti yamkati ndi maiou, bra ndi sutien, zipi ndi fermoar, sikafu yaubweya yapakhosi ndi fular. Enanso ndi a Chiteki, chifukwa madera amenewo anakhala pansi pa ufumu wa Ottoman zaka mazanamazana mpaka nkhondo ya 1877, ndiye ciorapi aja, papuci omwe ndi slippers, ndi basma, duku, zonse zinachokera kumeneko. Tikulemba choncho ndinayamba kuuyang'ana mzere wanga wa Chichewa ndi diso lina. Nsapato tinatenga kwa Apwitikizi, sapato. Buluku ndi duku anabwera nazo agogo athu kuchokera ku migodi ya ku Joni, broek ndi doek. Juzi, masokosi, tayi, batani ndi za Mngelezi. Ukatsegula sutikesi ya Mmalawi umapezamo onse amene anadutsapo pakhomo pathu, ndi wadiropu ya agogo aja chimodzimodzi. Ndinamuuza za nsapato ndikuyembekeza kuti mwina nawonso ali ndi sapato poti ndi abale a Apwitikizi, koma ayi, iwo ndi pantofi. Ubale unatulukira pa shati, camisa uko, cămașă kuno.

Zina zinangolowa pa pepala popanda nkhani. Fustă siketi, pantaloni thalauza, geacă jekete, palton chikhoti chachitali, mănuși magolovesi, curea lamba, halat ndiye dressing gown uja, nasture batani, buzunar thumba, mânecă mkono wa malaya. Haine ndi zovala zonse pamodzi, koma haină imodzi nthawi zambiri ndi chikhoti. Chinanso chomwe chinandisokoneza masabata angapo n'choti mawu amasintha kumchira. Agogo ankati fusta, basmaua, pantofii, ine n'kumayang'ana pa pepala osapeza. Kumeneko "the" amamumata kumapeto kwa dzina. Ife timasintha kumutu, chovala zovala, iwo kumchira.

## Vesiti yomwe si vesiti

Mungaganize kuti pepala litapachikidwa zonse zinayera. Ayi ndithu. Tsiku lina m'mawa ndikuwaveka anati "vesta". Ndinati apa ndiye sindifunanso pepala, vest, vesiti, ndinatulutsa kavesiti koyera kamkati. Anandiyang'ana mmene apongozi amayang'anira ndiwo zopanda mchere. Vestă kwawo ndi juzi yopanda manja yovala pamwamba, yomwe Mngelezi amati waistcoat, pamene Mmereka amati vest ngati iwowo. Anali nayo yakuda yoluka pamanja, itayamba kutha m'mapewa, ndipo tsiku lopanda vesta imeneyo silinali tsiku. Kavesiti kanga kaja ndi maiou. Ndiye mawu omwe ankandipweteka sanali achilendo aja ngati căciulă, amenewo umadziwa kuti sukuwadziwa ndipo umafunsa. Oopsa ndi ooneka ngati achibale.

Za pantaloni ndiye inali nkhondo ya tsiku ndi tsiku ine ndisanabwere. Ogwira ntchito ambiri amakonda kuveka okalamba thalauza ya lasitiki chifukwa ndi yofulumira, ndipo agogo ankaikana mpaka kumenya. M'mabuku munadzaza mawu oti refusing care. Titafunsa bwinobwino kudzera mwa mtsikana uja, yankho linali lalifupi, sanavalepo thalauza moyo wawo wonse, ndi ya amuna, akufuna fustă. Ine izi sizinandidabwitse olo pang'ono. Mayi anga anakula nthawi ya lamulo la 1973 lija loletsa akazi thalauza ndi siketi yaifupi, lamulolo linatha mu 1993 koma iwo mpaka lero thalauza amangogulitsa, kuvala ayi. Nditaganiza munthu wachilendo akuwakokera mayi anga thalauza m'miyendo 7 koloko m'mawa, akuwatchula dzina lawo loyamba, ndinamvetsa chifukwa chomwe agogo ankamenyera.

Basma nayo. Ankafuna duku kumutu nthawi zonse, lomanga pansi pa chibwano, olo m'chipinda mukutentha. Ndipo olo atanena kuti mi-e cald, ukatsegula windo chitseko chilinso chotsegula, ankakuwa kuti "curent, curent". Ndinkayesa akunena magetsi. Mtsikana uja anati ayi, ndi kamphepo kodutsa pakati pa windo ndi chitseko, kwawo akuluakulu amakaopa kwambiri, amati kamadwalitsa khutu, dzino, msana, chilichonse. Ndiye munthu akutentha, umuvule juzi, koma duku usakhudze ndipo windo usatsegule. Zimenezi palibe pepala la mizere itatu lomwe likanandiuza.

## Inu

Chomwe chinasintha zinthu kwenikweni si dzina la chovala. Ndinali nditaloweza pa Google Translate kufunsa kuti "ți-e frig?", ukumva kuzizira? Mtsikana uja atandimva anagwira pakamwa. Anati munthu wamkulu sungamunene choncho, ameneyo ndi tu, wa ana ndi anzako. Kwa agogo umati "vă e frig?", "vă e cald?", ndipo inu wake ndi dumneavoastră, mawu ataliatali oti lilime limafuna kupuma panjira. Ndinamufunsa kuti ndiye kuti munthu mmodzi mumamuchulukitsa pomulemekeza? Anati eya. Ndinatsala pang'ono kumukumbatira. Miyezi yonseyi Chingerezi chimandikanda ndi you wake mmodzi yemweyo wa mwana, wa galu ndi wa gogo wa zaka 90, ndipo apa panali anthu oti ali ndi iwe ndi inu ngati ife.

Anandiphunzitsanso moni wa akuluakulu, "sărut mâna", kutanthauza kuti ndikupsompsona dzanja lanu, sikuti umapsompsonadi, amangonena. M'mawa wotsatira ndinagogoda, ndinalowa, ndinapinda bondo pang'ono mwachikwathu poti thupi linangochita lokha, ndinati sărut mâna, doamnă. Agogo anasiya kuyang'ana khoma. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kenako anayamba kuyankhula zambirimbiri zomwe sindinamve olo limodzi, ine n'kumangoti da, da, mwamantha, poti kugwedeza mutu pa zinthu zosamva kunali kutandipweteketsa kale.

Kuyambira pamenepo kuvala kunakhala ngati kamwambo kathu. Ndinkanyamula ziwiri, fusta iyi kapena iyi, iwo n'kuloza. Ndikatchula molakwa ankandikonza mokalipa ngati aphunzitsi a Sitandade 1, makamaka căciulă, a wa kachipewa pamwambayo sindinamukhozepo mpaka lero, amatuluka pakati pa a ndi e. Tikamaliza kumanga basma ankandigwira tsaya n'kunena kuti "mulțumesc, maică". Nditafunsa anandiuza kuti maică ndi mayi, agogo a kwawo amaitana ana ndi adzukulu choncho. Agogo anga a ku Thyolo ankanditchula mayi ndili ndi zaka zisanu. Tsiku limenelo ndinakalowa m'chipinda chosungira matawulo kaye pang'ono.

Masiku ena matenda ankakula, sankandizindikira, ankandikankha ngati kale. Pepala silinachize dementia. Koma olo pa masiku oipawo ndikanena kuti mâna, dzanja, ankalikweza kuti lilowe mu mânecă.

## Mtolo wa pansi

Pansi pa wadiropu panali mtolo wokulungidwa mu nsalu yoyera, uli mu jumbo. Tsiku lina tinauzidwa kuti chovala chilichonse chikhale ndi kalebulo ka dzina kuti zisamasokonekere kochapira, ndiye ndinautulutsa n'kuumasula pabedi. Munali siketi yakuda yatsopano, duku latsopano, ciorapi zili m'pepala lake, nsapato zoti sizinapondepo pansi, ndi bulauzi yoyera yopeta pamanja, mapewa onse ali ndi maluwa ofiira ndi akuda osokedwa mothinana kwambiri. Ine mwana wa kaunjika ndinangoigwira n'kudziwa kuti iyi si ya pa belo. Ndinatembenuza kunsi kuti ndione ulusi, kunali koyera ngati kunja komwe.

Agogo anali pampando. Sanakuwe. Anangoti "nu" motsitsa, kamodzi, ndi mawu oti sindinawamvepo.

Ndinathamangira kochapira. Mtsikana uja atabwera anaima pakhomo n'kudzilemba mtanda. Anati bulauziyo ndi ie, chovala cha makolo awo, chopeta cha paphewacho ndi altiță, ndipo December yemwe uja ine ndimawaunjikira majuzi agogo ndi pamene UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za chikhalidwe, inaika luso limeneli pa mndandanda wake wa miyambo yofunika kusungidwa, ku Romania ndi ku Moldova. Pa 24 June anthu amavala ie kulikonse komwe ali, iyenso ali nayo yake. Koma mtolo uwu, anati, si wa pa 24 June. Ndi zovala zomwe agogo anakonzeratu kuti adzawaveke akadzamwalira, okalamba a kumudzi kwawo amatero, amasunga zaka ndi zaka ndipo amauza ana pomwe zili. Ine ndinali nditanyamula kale kalebulo ndi cholembera.

Tinapinda limodzi mmene zinalili, agogo akutilozera ndi chala kuti duku likhale pamwamba. Mtsikana uja analemba pa jumbo ndi zilembo zikuluzikulu m'Chingerezi kuti asachape, asatsegule. Pa pepala lathu tinawonjezera mzere womaliza. Kumanzere tinasowa cholemba, blouse sinakwane, tinangosiya mpata. Pakati ie. Kumanja ndinayamba kulemba bulauzi kenako ndinafufuta.

Agogo anamwalira patadutsa chaka ndi miyezi ingapo, ine ndili pa off. Mwana wawo anabwera kudzatenga katundu, thupi ankapita nalo kwawo ku Suceava. Mtolo uja anaunyamula yekha osauika m'katoni. Akutseka wadiropu anaona pepala lija, litada m'makona, tepi itasinthidwa kangapo, anthu ena atawonjezerapo mawu awo ndi zolembera zosiyanasiyana. Pamwamba penipeni panali pomwe ndinalemba ndi chofiira tsiku loyamba, CALD = HOT, n'kudula mizere itatu pansi. Anawerenga mzere wapakati akumwetulira, kenako analoza wakumanja, anafunsa kuti ichi ndi chiyankhulo chanji. Ndinamuuza. Anayesa kuwerenga, "n-sa-pa-to", "du-ku", pa juzi anatchula j wake wa kwawo ngati akuti zhuzi. Anafunsa ngati angalitenge.

Ndinati adikire kaye ndijambule. Chithunzicho chili mu foni mpaka pano, ndipo ndi pamene ndinaona kuti căciulă ndinamulemba ndi k.